Dzina Lolembedwa ndi Manja Awiri

Bokosi la magazi linayenera kukwera ndege Lachisanu, koma Lachitatu m'mawa mayi woyendera anali adakali pa tebulo la pakona, akutsegula mafailo limodzilimodzi ngati akusankha nyemba. Nesi ankamuyang'ana chamseri uku akunamizira kulongedza masingano. Ntchito yonse ya Nesi ya zaka zitatu inali m'mafailo amenewo.

Kafukufukuyu anali wa zipatala za m'mayiko asanu ndi anayi. Ankafufuza chimene chili m'magazi a munthu, chotengera kwa makolo, chimene chimachititsa kuti khungu liyambe kuuma, zala zipindike, pakamwa pachepe, mpaka mapapo nawo aume. Matendawa dzina lake lachizungu ndi lalitali, odwala ankangoti kuuma. Ndi osowa, moti chipatala chimodzi sichingapeze anthu okwanira pachokha. Kuno anapezeka makumi anayi okha pamene kwina anali mazanamazana, koma adokotala aakulu ankati makumi anayiwo ndi ofunika koopsa, poti magazi a anthu a mbali ino ya dziko anali asanayezedwepo. Ndalama zinkachokera ku bungwe la kutsidya kwa nyanja, ndipo bungwelo ndilo linatuma mayiyu kudzaona ngati zonse zinayenda motsata malamulo. Akanapeza chinyengo, chipatala chino akanachichotsa, thandizo n'kuthera pomwepo.

Wotenga magazi anali Nesi yekha. Khungu la matendawa limalimba gwa, mtsempha n'kubisala, moti anamwino ena ankabaya katatu kanayi mpaka wodwala kulira. Iye ankayamba wakulunga mkono m'thaulo lofunda, n'kumacheza za mvula ndi za ana, kenako singano kamodzi basi.

"Sisita, tabwerani kuno pang'ono," anatero woyendera uja m'chizungu chake chothamanga. Anali atayala mapepala awiri moyandikana. "Nambala 17. Ili anasaina polowa m'kafukufuku zaka zitatu zapitazo. Ili ndi la mwezi watha, lolola kuti magazi ake atumizidwe kunja. Mukuona bwanji?"

Nesi anaona, nanga akanalephera bwanji kuona? Pa pepala loyamba dzina linali loongoka, zilembo zili ndanda ngati ana pamzere wa m'mawa. Pa lachiwiri linali lonenepa, lopendekera, ndipo mchira wake unapindikira m'mwamba.

Nambala 17 anali Aphunzitsi. Anaphunzitsa makalasi a ana aang'ono zaka makumi atatu, ndipo anasiya choko chitayamba kuwapulumuka m'manja. Ndiwo anali oyamba kufika tsiku lililonse la sikelo ya matendawa, atavala magolovesi aubweya ngakhale kutenthe bwanji, atanyamula mafunso awo pa kapepala. Mwezi watha, tsiku losaina lija, zala zawo zinali zitapindikiratu. Cholembera chinagwa kawiri. Nesi anatulutsa kabokosi ka inki monga lamulo linkanenera, kuti wolephera kulemba adinde chala pamaso pa mboni.

Ha! Ukanawaona Aphunzitsi tsiku limenelo.

"Ine? Zaka zonsezi ndikuphunzitsa ana a eni kulemba, lero ndidinde chala ngati sindinaonepo khomo la sukulu? Bwezani chimenecho, mwanangu. Ingondigwirani dzanja."

Ndipo Nesi anawagwira dzanja, lake pamwamba lawo pansi, nalemba dzinalo awiriwiri. Sanaganize n'komwe kuti akulakwa. Anangomva chisoni basi.

"Ndikudziwa kuti matendawa amasintha kalembedwe ka munthu," anapitiriza woyendera, mawu ake ali ofatsa. "Mukandiuza kuti ndi zimenezo, ndilemba zimenezo. Kungoti mchira uwu ukufanana ndi wa dzina lanu pansipa."

Khomo lothawira linali lotsegula ndithu, ndipo analitsegula yekha mlendoyo. Nesi anaganiza za ana ake awiri akusekondale, anaganiza za adokotala aakulu amene anathera miyezi akulemba makalata opempha thandizoli, anaganizanso za anthu makumi atatu ndi asanu ndi anayi ena amene anawabaya m'mikono youma. Anachita mantha. Koma bodza linamukanika kutuluka.

"Ndinawagwira dzanja," anatero. "Iwo anavomera ndi pakamwa pawo, mutu wawo uli bwinobwino. Koma cholembera ndinayendetsa ndine."

Woyendera anavula magalasi nadzitikita m'maso. Sanali munthu woipa ayi, anangokhala munthu wa mapepala. Anafotokoza kuti dzina lolembedwa ndi dzanja la wogwira ntchito m'kafukufuku siliwerengedwa, chifukwa kwina anthu anatengedwapo magazi osadziwa, wina atawasainira. Magazi a Nambala 17 sangalowe m'bokosi pokhapokha mwini wake atasainanso yekha popanda womugwira, kapena atadinda chala pamaso pa mboni yosakhudzidwa ndi ntchitoyi. Zikatheka pofika mawa masana, alemba kuti panali cholakwika ndipo chakonzedwa. Zikakanika, timabotolo tonse ta Nambala 17 titayidwa, ndipo nkhani ya Nesi ipita ku bungwe mmene ilili.

Titayidwa! Nesi anakwiya chamumtima. Amene analemba lamulo limeneli anayamba waonapo dzanja la kuuma? Akudziwa kuti dontho lililonse la m'timabotolo timeneto linatuluka bwanji? Koma anangoti, "Chabwino, ndamva."

Aphunzitsi sanali kutali. Anali atagonekedwa m'wodi ya amayi sabata yachiwiri tsopano, pa bedi la pafupi ndi zenera, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno. Lachinayi m'mawa Nesi anakwera masitepe, woyendera ali pambuyo ndi failo. Anapeza mwana wawo wamkazi akuwadzoza mafuta m'mikono. Mwanayo anali mayi wa ana awiri aakazi, ndipo anawo ndiwo anali nkhani ya Aphunzitsi tsiku lililonse.

Nesi anakhala pa mpando nafotokoza zonse, osabisa kanthu. Aphunzitsi anamvetsera maso ali psii. Pakamwa pawo panali patachepa kwambiri, mawu ankatuluka pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti ndakulowetsani m'mavuto, mwanangu."

"Ayi, amayi, ndinadzilowetsa ndekha. Ndipo musachite chifukwa cha ine. Mukhoza kukana, chithandizo chanu sichisintha."

"Ndikakana, magazi anga sapita?"

"Sapita."

"Nanga akapita, adzandiuza ngati ndawasiyira zidzukulu zanga matendawa?"

Funso limeneli anali atalifunsa kambirimbiri, ndipo Nesi anayankha monga mwa masiku onse, ngakhale kuti lero linamuwawa kuposa kale. "Sadzakuuzani za inu nokha, amayi. Adzaphatikiza magazi a anthu zikwi, mwina patapita zaka zisanu n'kudzapeza poyambira. Koma popanda magazi a kuno, zimene adzapezezo zidzakhala za ana a anthu ena."

"Zaka zisanu," anatero Aphunzitsi, n'kuseka pang'ono kaseko kouma. "Bweretsani cholembera."

Mwana wawo anawakhazika tsonga, nawaikira failo pamiyendo. Nesi anaika cholembera pakati pa zala zawo n'kubweza manja ake kumbuyo, kuwagwiriza ngati wamangidwa. Cholembera chinapendekeka, chinagwera pa bulangete. Nesi anachibwezera. Aphunzitsi anachipana ndi manja onse awiri, nsonga inafika pa pepala, inakanda kamzere kamodzi kokhota, kenako chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka misozi. Anayesanso kachitatu, kachinayi, thukuta lili kamukamu pamphumi, koma pa pepala panali timizere tokhatokha topanda mutu. Woyendera anali atayang'ana kuzenera.

Aphunzitsi anapuma nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, tapita ukandigulire tiyi kukantini. Wamkaka. Ukadikire akaphike watsopano, usanditengere wozizira uja wadzulo. Anthu ambiri akundisokoneza pano."

Mwanayo anazengereza, koma anatenga kapu natuluka. Atangozimiririka pakhomo, Aphunzitsi anati, "Tulutsani chinthu chanu chija."

Nesi anatulutsa kabokosi ka inki m'thumba la yunifolomu. Anatsegula chivundikiro. Panafunika mboni, ndipo mwana amene akanakhala mboni anali atathamangitsidwa dala. M'wodimo munali mayi wina wokolopa, wamkulu ndithu, akukankha chidebe chake pakati pa mabedi. Nesi anamupempha, ndipo mayiyo anapukuta manja pa epuloni nabwera kudzaima kumiyendo kwa bedi. Pa pepala latsopano Nesi anawerenga mawu onse mokweza, mzere ndi mzere, kuti mboniyo imve. Atafunsa ngati akulola, Aphunzitsi anayankha kuti, "Ndikulola," momveka bwino kuposa mawu onse a tsikulo.

Chala chachikulu chakumanja chinali ndi chilonda chomangidwa, choncho anatenga chakumanzere. Chinali chozizira, cholimba ngati kamtengo, chosatheka kuongoka. Nesi anachita kubweretsa inki ku chalacho, kenako kubweretsanso pepala, failo ili pansi pake. Pochotsa, panatsala banga labii, losalala, lopanda timizere tija timakhala pa chala cha munthu. Matendawa anali atafufuta ndi timeneto tomwe.

"Kodi zikwanira?" Nesi anafunsa woyendera m'chizungu.

"Zikwanira, bola mboni isaine."

"Tandionetsani," anatero Aphunzitsi. Anayang'ana bangalo nthawi yaitali, nkhope yawo yolimbayo osasonyeza kanthu. "Ndiye ineyo ameneyu."

Mayi wokolopa analandira cholembera, nachigwira ndi chibakera chonse, lilime lili kunja, n'kuyamba kulemba dzina lake chilembo chimodzichimodzi. Aphunzitsi anamuyang'ana, anayesetsa kudziletsa, koma zinawakanika.

"Aaa, inu mayi, cholembera sagwira ngati mpini wa chokolopera. Chala chapakati chikhale pansi. Eya, choncho. Musathamange, palibe akukuthamangitsani."

Mayiyo anaseka mwamanyazi namaliza bwinobwino. Woyendera anasanthula pepalalo, analemba tsiku, natseka failo. Anauza Nesi kuti magazi a Nambala 17 alowa m'bokosi, ndipo lipoti lake linena kuti cholakwika chakonzedwa. Kenako anawerama pang'ono kwa Aphunzitsi, nanena mawu amodzi okha a kuno amene anaphunzira sabata yonseyo, oti zikomo, n'kutuluka.

Nesi anayembekeza kuti mtima wake ukhala pansi, koma sizinatero. Ntchito yake inapulumuka, chipatala chinapulumuka, magazi akwera ndege mawa, koma iye anangomva kulemera pachifuwa ngati walanda munthu chinthu.

"Ndipukuteni msanga asanabwere," anatero Aphunzitsi.

Nesi ananyowetsa thonje ndi sipiriti nayamba kupukuta. Pamwamba inki inachoka, koma inali italowa m'ming'alu ya khungu ndi m'mbali mwa chikhadabo, ndipo sakanatha kukhula mwamphamvu poopa kutsegula chilonda china. Anapukuta, anasintha thonje, anapukutanso. M'khonde munamveka masilipasi a mwana uja akubwera. Aphunzitsi anachotsa dzanjalo m'manja mwa Nesi, nalilowetsa pansi pa bulangete.

Mwanayo analowa akuuzira tiyi. Anayang'ana pamiyendo pa mayi ake, anaona kuti failo palibe, nkhope yake inawala.

"Mwasaina, amayi?"

"Ndasaina," anatero Aphunzitsi.

"Nokha?"

"Nanga ndi ndani?"

Mwanayo anatembenukira kwa Nesi akumwetulira, maso ali ndi misozi, kufuna kuti naye avomereze. Nesi anafumbata thonje lakudalo m'dzanja lake, nagwedeza mutu kuti inde.