Muwagawe Ana Anga

Malume anagamula mlandu asanakhale n'komwe pansi: mwa mapasa aja, mmodzi apita kwa azakhali, winayo atenga iwo. Chisamba, mwana woyamba kubadwa, amene mapasawo anali azing'ono ake, anaima pakhomo la kuchipinda atanyamula nsapato za malemu amayi ake, osadziwa poziika.

Anayesa kunena kuti tiatsikana toti sitinagonepo kosiyana chibadwire sitingagawidwe ngati anapiye, kuti iye atilera yekha. Malume anamudula pakamwa.

"Sindikupeka ine. Kuchipatala unalipo. Mlongo wanga anati chiyani?"

Amayi asanamwalire anati, "Muwagawe ana anga, angafe ndi njala." Chisamba anawamva ndi makutu ake mawuwo, ndipo ankamuwotcha mumtima kuposa maliro enieniwo. Nanga wakufa ungatsutsane naye bwanji?

M'mawa mwake anapita ku labotale kumene amayi ankagwira ntchito, kukatenga katundu wawo. Mnzawo wa pantchito, bambo wadazi wolankhula motsitsa, anamukhazika pa maikulosikopu kuti aone chimene chinkawasowetsa amayi pakhomo zaka zonsezi. Munali timabakiteriya tonga tizidutswa ta ulusi, kena katamanga lamba m'chiuno. Bamboyo anati lambayo ndi mkombero wa mapuloteni. Umafinya pang'onopang'ono, khoma latsopano likumangidwa pambuyo pake, madzi a m'kati akukankhira kunja, mpaka kamodzi kasanduke tiwiri. Amayi ankafuna kudziwa mwini mphamvu yofinyayo, lamba kapena khoma, ndipo apita asanapeze yankho.

"Koma ana awo atsala pang'ono kutha," anatero akutsegula kabati yofunda yodzaza timbale. "Chigonekedwere iwo m'chipatala, palibe wawagawa."

Chisamba anafunsa kuti ana ake ati. Bamboyo anamwetulira mwamanyazi: amayi ankatcha tizilomboti ana awo. Tikachulukana m'mbale chakudya chimatha, ndiye umatapako pang'ono n'kuika m'mbale yatsopano. Kumeneko ndiye kugawa, m'chilankhulo cha muno.

Mtima wa Chisamba unayamba wakhala pansi. Mapasa sapita kulikonse. Bamboyu akafotokoza yekha pamaso pa malume, afune asafune. Kenaka kunabwera china cholemera, chimene sanachiyembekezere.

"Ndiye kuti ifeyo sanatitchule?"

Bamboyo anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kunama sankakutha, zinkaonekeratu.

Chisamba anakwiya, mkwiyo wosowa womukalipira. Mpweya wotsiriza wa mayi wako, n'kuthera pa tizilombo tosaoneka ndi maso! Anapukuta misozi ndi mkono, nayang'ana timbale tija, tina titayamba kale kuuma m'mbali.

Anakoka mpando, napempha bamboyo kuti amuonetse kagwiridwe ka kawaya kotapira. Kenaka anavundukula mbale yoyamba.