Dzanja Losafumbata

"Werenganso pamenepo," anatero mayi Phyllis.

Kondie, mwana wawo wachisamba, anayandikizanso nkhope ku laputopu. Linali tsiku lachitatu chimwalirireni bambo ake, a McDonald Chisale, ndipo m'khitchini ya mlongo wake Gertrude ku Middlesbrough munkanunkha majasi onyowa a anthu odzapepesa. Iye anali atabwera pa basi ya m'mawa kuchokera ku Bradford kudzalemba mbiri ya malemu yokawerenga m'tchalitchi Loweruka.

"'Anakalondera njanji ku Mozambiki, ndipo anapuma pa usilikali mwaulemu m'chaka cha 1989.'"

"Fufuta."

"Amayi, ndi mmene amalembera."

"Sanapume. Anawachotsa. Anafika pakhomo atavala patapata, nsapato atawalanda."

Pepala n'lofunika kuliopa. Bodza lapakamwa limapita ndi mphepo, koma ukaligoneka papepala limadzuka iwe utafa, n'kuyamba kulera zidzukulu zako. Mayi Phyllis sanapondeko m'kalasi, komabe zimenezi ankazidziwa. Ankachenjeza za gasi, za masitepe, za madzi oundana pamsewu, ndipo ana ankangoseka. Tsiku limeneli panalibe woseka.

"Mwambowu udzaonetsedwa pa foni mpaka ku Balaka," anatero Kondie. "Mayi Stella adzakhala akuonera. Mukufuna titokose chilonda chawo?"

Gertrude anaika ketulo pansi. "Mayi Stella a malemu a Watson? Akubweramo bwanji? Ine munandiuza kuti ababa anasiya ntchito chifukwa cha khutu."

"Khala pansi, iwe nesi," anatero amayi ake. "Unali kumsana, sungadziwe."

Anatenga mbale ya buledi n'kuiimika chammbali patebulo, mkati mwake mutayang'ana kukhomo.

"Bomba limene anawapatsa ku njanjiko linali chonchi. Si lija lokwirira, loti ngakhale mbuzi iponde liphulike, ayi. Ili amaliimika pa timiyendo, kumaso kwake kuloza njira yobwerera adani. M'mimba mwake muli tizitsulo tobulungira ngati nandolo, mazanamazana. Likalira, tonseto timapita mbali imodzi, ngati munthu wamwaza mpunga. Kuchoka pamenepo pamayenda waya mpaka m'dzenje mobisala msilikali, ndipo iyeyo amakhala ndi kachitsulo m'manja. Akafumbata, basi. Bombalo lilibe maso. Maso ake anali bambo ako."

"Amayi…"

"Usandidule. Kutangocha anaona zigawenga zikubwera ndi mfuti. Koma pakati pawo panali azimayi ogwidwa m'midzi, atawasenzetsa matumba. Wamkulu wa bambo ako ananong'ona, finya. Anabwerezanso, finya! Bambo ako anatambasula dzanja, kachitsulo kanagwera m'dothi. Anthu aja anadutsa. Patapita masiku awiri, zigawenga zomwezo zinaombera sitima, ndipo a Watson, mnzawo wodyera naye mbale imodzi, anafera pomwepo."

Kunja basi inaima, inapuma, inapitirira. Gertrude anali atagwira pakamwa.

"Mwamva tsono," anatero Kondie. "Ine ndinakula akunditcha mwana wa wamantha. Pa mpira, pa chigayo, paliponse. Lero ndikaime pamaso pa anthu, ndinene kuti ababa anasankha anthu osawadziwa m'malo mwa mnzawo? Mayi Stella akumva?"

"Stella akudziwa. Bambo ako anakamuuza okha, atagwada pakhonde pake. Iye anawathira madzi otsukira mbale. Mvula itagwa bambo ako anatenga khasu n'kukamulimira munda, iye osawayankhula. Chaka chinacho anapitanso. Chaka chachisanu ndi chimodzi m'pamene anawatumizira madzi akumwa kumundako. Ukanama Loweruka, woyamba kudziwa kuti wanama ndi Stellayo."

"Abusa atipatsa mphindi zisanu zokha."

"Zikwana. Iwe lemba zako zaulemuzo. Ukatha ine ndidzaimirira. Kuwerenga sindidziwa, koma pakamwa ndili napo."

"Inu amayi? Inu amene mumaopa ndi belu la pakhomo lomwe?"

"Ndimaopa, inde. Dziko la eni ili. Ndimaopa apolisi, ndimaopa makalata abulauni a boma aja, ndimaopa kufera m'nyumba anthu osadziwa. Koma amuna anga sindiwaika m'manda atavala bodza."

Kondie anatseka laputopu mwamphamvu n'kutuluka. Gertrude anafuna kumutsatira.

"Musiye. Wapita wopanda jasi, abwera."

Masana anapita onse atatu kunyumba yosungirako maliro. Kwathu thupi limasambitsidwa ndi anthu olidziwa. Kuno amakusambitsa alendo, aulemu ndithu, koma sadziwa kuti unali yani. Muzikayang'ana msanga, musamadikire tsiku loika.

A McDonald anagona mu suti yawo yotuwa, tayi ili bwinobwino. Manja anali atawasanjika pamimba, lamanzere pamwamba, lamanja pansi, zala zitapindikira mkati.

"Mwaona?" anatero mayi Phyllis. "Ndinanena ine. Awafumbatitsa dzanja."

Gertrude anayang'ana, ndipo anakumbukira. Bambo ake ankalandira kapu ndi dzanja lamanzere. Ndalama ya basi ankaiika pachikhatho chotambasula kuti dalaivala atole yekha. Kupatula pa mpini wa khasu la kumunda kuja, dzanja lamanjalo sanalionepo litafumbata kanthu.

Mayi Phyllis anaika chikwama pansi. Anasuntha dzanja lamanzere, n'kugwira lamanja lija. Linali lozizira, louma ngati chinangwa cha dzana. Anayamba ndi chala chaching'ono, kuchisisita, kuchiwongola pang'onopang'ono. Kenaka chinzake.

Kondie anaima kumapazi, manja ali m'matumba. 

"Azimayi aja," anafunsa motsitsa mawu, "analipo angati?"

"Khumi ndi mmodzi. Wina anali ndi mwana kumsana."

Kondie anatulutsa foni, analemba kanthu, anaibwezera m'thumba. Kenaka anazungulira bokosi n'kudzaima pambali pa amayi ake. Chala chachikulu chinkakana. Anachigwira awiri, osachikakamiza, mpaka chikhatho chonse chinagona chotambasuka pa suti yotuwa ija.