Nambala ya pa Bodi

Fani inazungulira, kanyali kobiriwira kanayaka, koma sikirini inangokhala bii. Amalume anazimitsa kompyuta ija n'kuiyatsanso. Kameneka kanali kachinayi.

"Watigulitsa chakufa munthu uja," anatero akupukuta manja pa ovolosi. "Purosesa yongochotsa kumene m'bokosi ingakane bwanji kudzuka?"

Mwana wa mlongo wawo, amene ankamutcha Injiniya chibwerereni ku koleji, anasendera pafupi. Anakoka mpando n'kusuzumira m'kati mwa makinawo.

Sinali kompyuta wamba. Inali ija yolemera, yonyamula anthu awiri, ya mayi wina wojambula mapulani a nyumba. Mayiyo ankadandaula kuti akaiuza kuti ionetse nyumba yonse, amatha kupita kukatenga ana kusukulu n'kubwerako isanamalize. Lachisanu ankayenera kukaonetsa pulani ya chipatala kwa eniake. Amalume anamulonjeza purosesa yamphamvu, ubongo wake wa kompyuta, ndipo anaiitanitsa okha. Tsopano linali Lachinayi m'mawa.

Amalume anali atakonza maseva, makompyuta osunga zinthu za makampani, kwa zaka zoposa makumi awiri, m'tizipinda tozizira ta maofesi akuluakulu. Ndiwo anamuphunzitsa Injiniya kuti asanagule purosesa aziyamba waona chipiseti, kachipangizo kamene kamalumikiza purosesayo ndi zina zonse pa bodi, chimbale chimene zipangizo za m'kompyuta zimakhalapo. "Purosesa ndi bwana, chipiseti ndi mlembi wake," ankatero. "Mlembi akapanda kumudziwa bwanayo, palibe kalata imene ituluke."

Injiniya anaunika ndi tochi pa kapepala komatidwa m'mphepete mwa bodi. Panalembedwa 236. Anatenga pepala limene Amalume anaitanitsira katundu. Ndi zilembo zawo zikuluzikulu zija, Amalumewo anali atalembapo 246. Mapurosesa a mitundu iwiriyi amalowa bwinobwino m'malo amodzi, koma bodi yakaleyi sikanaidziwa yatsopanoyo.

Anazimitsa tochi. Anakumbukira mmene masiku ano Amalume ankagwirira foni patali powerenga uthenga, ndi mmene anamusiyira ntchito zonse zowotcherera, amvekere, "Uziphunzira, ine ndakalamba nazo." Iye ankayesa kuti akumukhulupirira.

Amalume anali atayamba kale kufufuza nambala ya foni ya wogulitsa uja. "Lero andimva. Ndimuuza kuti anthu onse adziwa kuti amagulitsa zinyalala."

"Amalume, tadikirani kaye."

"Ndidikire chiyani? Mayi uja afika nthawi ina iliyonse."

"Wogulitsayo sanalakwe. Watumiza zimene tinaitanitsa. Chipiseti chake ndi 236."

"Ndi 246. Ndinawerenga ndekha."

"Tabwerani muone."

Amalume anatenga tochi n'kuwerama. Anayandikira, n'kubwerera m'mbuyo, n'kutsinzina diso limodzi. Kenako anatulutsa foni, anajambula kapepalako, n'kukulitsa chithunzicho ndi zala mpaka nambala imodzi inadzaza sikirini yonse. Anakhala pansi pa bokosi la mawaya.

Panja galimoto inaliza hutala. Pa shelefu, seva ya anthu ena imene ankaiyesa inkangolira mwa nthawi zonse.

"Tingowauza kuti purosesa sinagwirizane ndi bodi," anatero Injiniya. "Si bodza limenelo."

"Afunsa kuti anaitanitsa ndani."

"Ndinena kuti ndine. Ine ndi wa dzana, sadabwa."

Amalume anaseka pang'ono. "Ndiye amayi ako adzamve kuti ndikubisala kumbuyo kwa mwana wawo? Adzandisenda wamoyo."

Anazunguza tochi m'manja.

"Ndi ng'ala," anatero. "Maso onse awiri. Adokotala anandiuza chaka chatha kuti pakufunika opaleshoni. Anandipatsa ndi tsiku lomwe. Ndinafika pa geti n'kubwerera."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinene kwa ndani? Ntchito yathu ino ndi ya maso. Anthu akamva kuti mkulu uja sakuona, ndani angandisiyire seva yake? Komanso mpeni m'diso, iwe. Ine ndatsegula makina ambiri. Ndimadziwa kuti si onse amadzukanso."

"Inu amene mumaseka anthu oopa kusintha batire?"

"Batire si diso."

Chitseko chinatseguka. Mayi wa mapulani analowa atanyamula mapepala okulunga kukhwapa, makiyi a galimoto ali m'manja. Anayang'ana makina otsegulawo, kenako nkhope zawo.

"Musandiuze kuti sizinatheke."

Injiniya anatsegula pakamwa, koma Amalume anali ataimirira kale.

"Mayi, ndalakwitsa ndine. Ndinawerenga molakwika nambala ya chipiseti, ndiye purosesa imene ndinaitanitsa sigwira pa bodi yanu. Maso angawa sali bwino, ndipo ndimadziwa."

"Mumadziwa?" Mayiyo anaika mapepala aja pa tebulo. "Masiku atatu ndakhala ndikujambula pa kalaputopu ka mwana wanga, ndikudalira mawu anu. Mukanandiuza Lolemba ndikanaona kochita."

"Zoona. Ndilibe choyankha."

Injiniya anafotokoza zimene zikanatheka lero lomwelo. Abwezeretsa purosesa yakale, apaka mafuta oziziritsa atsopano, achotsa fumbi, ndiponso awonjezera memore, yothandiza kompyuta kufulumira, mpaka pamene chipiseticho chimalola. Sizifika pamene analonjeza, koma zichepetsako kudikira.

"Ola limodzi," anatero.

"Nanga manambalawo awerenga ndani?" anafunsa mayiyo.

"Injiniya," anayankha Amalume. "Ine ndimugwirira tochi."

Amalume anagwiradi tochi. Injiniya atafuna kumanga zomangira za choziziritsira purosesa motsatana, anamugwira pamkono. "Mopingasa. Ichi, kenako cha uko." Izi sanafunikire kuziona.

Kompyuta inadzuka. Mayiyo anatsegula pulani ya chipatala, anayang'ana wotchi, n'kudikira. Inamaliza kuionetsa msangako, koma osati kwenikweni. Anathokoza Injiniya. Atafunsidwa ngati adzabwerenso kuti adzamupezere purosesa yoyenera, anati aganiza kaye. Awiriwo ananyamula makinawo mpaka m'galimoto, ndipo mayiyo anapita.

Atabwerera m'kati, Amalume anaika purosesa yatsopano ija m'kabokosi kake mosamala. Kenako anatulutsa chikwama cha m'thumba, n'kusolola khadi lachipatala lopindikapindika.

"Pali nambala ya foni pamenepo. Sindingathe kuiwerenga. Imba, uwafunse ngati angandipatsenso tsiku."

Injiniya analandira khadilo. "Ndiwauze amayi?"

"Auze. Andiperekeze ndi iwowo, chifukwa pa geti sangandilole kubwerera." Anavula ovolosi n'kuikoleka pa msomali. "Koma akunyumba ndikawauza ndekha. Ndikupita pompano, mtima usanasinthe."