Khona la pa Mzikiti wa Sidiki

Madalaivala a malole amatukwana akafika kwathu. Msewu umachokera ku Salima wowongoka bwinobwino, koma ukangofika pa mzikiti umakhota mwadzidzidzi, matumba a mpunga n'kupendekera mbali imodzi. Ine Kulusumu ndikamva kutukwanako ndimaseka, chifukwa tsiku limene msewuwo unakhota ndinalipo.

Tauni yathu ndi yaing'ono: mashopu asanu, msika, tchalitchi ndi mzikiti, basi. Koma musaiderere. Njanji isanafike ku Salima, kuno kunkakocheza majahazi, ngalawa zikuluzikulu za matanga. Zina zimene majahaziwo ankanyamula akuluakulu amazinena motsitsa mawu, ndipo sitizinyadira. Timanyadira Sidiki, woyendetsa jahazi amene anatsika, nakwatira, osabwereranso kutsidya. Anali agogo awo a bambo anga. Iye ndiye anamanga mzikiti wamiyala, ndipo mpaka lero malo ano amatchedwa pa Sidiki.

M'chaka cha 1973 ndinali kamtsikana kolongolola, kogulitsa tiyi ndi mandasi pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lina kunafika galimoto ya boma, m'menemo munatsika a Anderson, woyeza misewu. Anali mnyamata wa kumtunda, wa masokosi ofika m'mawondo, pensulo ili pakhutu. Anakhoma zikhomo tsiku lonse. Zikhomozo zitafika pa mzikiti, anatenga penti wofiira n'kulemba mtanda waukulu pakhoma lakutsogolo, limene ife Asilamu timayang'ana poswali.

"Nyumba iyi njopendeka," anatero kwa anthu amene anasonkhana. "Kona yake yalowa mumsewu. Khomali ligwe Lolemba, limangidwenso mowongoka ngati mashopuwa. Simenti apereka a boma."

Atcheyamani a chipani anayamba kuwomba m'manja, ndipo tonse tinawomba. Ukanaleka bwanji kuwomba? Masiku amenewo ukafunsa funso umafunsidwa khadi la chipani, ukafunsa lachiwiri abale ako amayamba kukufunafuna. Bambo anga, Che Binali, amene anaitana azana, mfuu yoitanira anthu ku mapemphero, pa mzikitiwo zaka makumi atatu, nawonso anawomba. Ine mtima unandiwawa koopsa, ndipo tsiku limenelo tiyi ndinathira shuga kawiri.

Ntchito yogwetsa khoma inapatsidwa kwa a Lenard, mmisiri womanga nyumba, yemwenso anali mkulu wa mpingo ku tchalitchi. Pano pali mwambo umene alendo amadabwa nawo: maliro akagwa, okumba manda sasankha chipembedzo. Msilamu akamwalira Akhristu amabwera ndi makasu, Mkhristu akamwalira ifenso amuna athu amapita. A Lenard anali atakumba manda a Asilamu ochuluka kuposa amuna ena ovala mikanjo.

Lolemba m'mawa anafika ndi nyundo ndi amuna anayi. Anaika nyundo pansi, navula chipewa.

"Bwana," anauza a Anderson, "ntchito ya boma sitikana. Tingofuna mutiuze poyambira. Tiyambe khoma, kapena tiyambe manda?"

"Manda ati?"

A Lenard analoza kuseri kwa mzikiti, kumene mitumbira inandanda pansi pa mitengo. "Kuno tikamakumba manda a Msilamu sitiyerekeza ndi maso ayi. Timakoka chingwe kuchokera pakhoma ili, manda n'kutsata chingwecho. Munthu amagona chammbali, nkhope kuloza ku Maka, komwe ankayang'ana poswali. Ndiye mukatembenuza khomali, amoyo aziyang'ana kwina, akufa kwina. Alipo oposa mazana atatu, bwana. Kuwatembenuza onse, anthu asanu sitikwana."

Atcheyamani anayandikira, maso ali gwa.

"Lenard, kodi ukutsutsa chitukuko?"

"Ayi, atcheyamani. Ndikupempha anthu owonjezera."

A Anderson anaseka pang'ono, natembenukira kwa bambo anga. "Madala, ku Maka n'kutali. Anakuuzani ndani kuti khomali likuloza kumeneko?"

"Agogo anga anayeza," anayankha bambo motsitsa. "Ankayenda panyanja ndi nyenyezi. Anadikira miyezi iwiri asanaike mwala woyamba."

"Munthu wosapita kusukulu, wopanda kampasi, wopanda mapu?"

Apa ndiye pakamwa panga pananditsogolera. Ndinaika ketulo pansi.

"Bwana, inu kampasi muli nayo, kusukulu munapita. Yezani. Mukapeza kuti agogo analakwitsa, nyundo yoyamba ndimenya ndine."

"Kulusumu, khala chete," anatero bambo, koma madzi anali atatayika kale. Atcheyamani anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ngati akuloweza nkhope yanga. Koma ndinaona kuti a Anderson ndawagwira penipeni. Munthu wonyadira luso lake ukamuuza kuti yezani, sangathe kuchoka osayeza.

Anatuma uthenga kusukulu, ahedi n'kubwera okha ndi buku la mapu. Pakhomo pa mzikiti bambo anapempha a Anderson kuti avule nsapato. Anavula, ndipo tonse tinaona chala chachikulu chitasuzumira pa sokosi. Palibe anaseka, ngakhale ine.

Anakhalamo pafupifupi ola lathunthu. Ife kunja tinkaona pazenera: aika kampasi pamkeka, ayala mapu, ajambula mzere ndi rula, awerengetsera, afufuta, ayambiranso. Anatuluka n'kukayeza khomalo chakunja. Kenaka anapempha a Lenard kuti akoke chingwe monga amachitira pa maliro, ndipo anachitsata mpaka pa mtumbira wakale wa Sidiki mwini wake. Dzuwa linali litakwera, malaya awo atanyowa kumsana. Bambo anakhala pakhonde, tasibihi, mikanda yopempherera, ili m'manja, osayang'ana munthu.

Pomaliza a Anderson anabwera n'kuima pamaso pa bambo. Pensulo anali ataichotsa pakhutu.

"Bambo," anatero, ndipo mawu oti madala aja anali atathera pomwepo, "ndayeza katatu. Ine ndinaphunzira ntchitoyi zaka zinayi. Agogo anu sanaphonye."

Bambo anangogwedeza mutu. "Alihamudulilahi."

"Nanga ku boma tikanena chiyani?" anafunsa atcheyamani, mawu atatsika.

"Kalata ndilemba ndine, dzina lidzakhala langa," anayankha a Anderson. "Khomali lili pamzere wake. Msewu ndi umene ukhote."

Anapempha palafini ndi kasanza, napukuta okha mtanda wofiira uja. Kenaka anazula zikhomo zisanu ndi ziwiri n'kuzikhoma patali ndi khomalo. A Lenard anasenza nyundo yawo osaigwiritsa ntchito, ndipo podutsa pa mtengo wanga anandiuza kuti, "Mwana iwe, pakamwa pako padzakupha. Thira tiyi." Ndinawathirira makapu awiri.

Ngati a Anderson anakalipiridwa ku ofesi, sitinamve. Sanabwerenso kuno. Ine kwa mwezi wathunthu ndinkadzidzimuka galimoto ya boma ikaima pamsika, koma palibe anadzanditenga. Atcheyamani nawo anayamba kuuza alendo kuti mzikitiwo anaupulumutsa ndi iwo. Tinkangowomba m'manja, poti tinali titazolowera.

Bambo anamwalira patapita zaka zisanu ndi zitatu. Ife akazi sitipita kumanda, koma ndinaima kuseri kwa mpanda m'mawa umenewo, okumba atafika. A Lenard anali atakalamba, khasu sankalithanso, koma chingwe anakana kupatsa wina. Anachimanga pakhoma lomwe lija, pamene penti wofiira ankaonekabe pang'ono m'ming'alu, nachikoka pang'onopang'ono mpaka pamalo a bambo. Lole ina inadutsa, dalaivala akulimbana ndi khona. Ndinalira, komanso ndinanyada kwambiri. Bambo anga akugona moyang'ana komwe ankayang'ana moyo wawo wonse.