Miyendo ya Nkhokwe ya a Benedict

Modesta ankatong'ola chimanga pakhonde mosafulumira, njere zikugwera m'lichero imodziimodzi. Maso ake anali kuseri kwa khola la mbuzi, kumene bambo ake, a Benedict, ndi amalume ake, a Jimu, ankakumba maenje a nkhokwe yatsopano.

Chaka chimenecho mvula inagwa bwino ku Dambe, ndipo awiriwo anagwirizana zosunga chimanga chawo pamodzi. Kankhokwe kakale sikakanakwana. M'mudzi monse munalibe woluka nsungwi ngati a Benedict. Modesta ankatha kuwayang'ana tsiku lonse zala zawo zikupinda nsungwi ngati udzu. Iwo anayeza kankhokwe kakale ndi chingwe, nanena kuti yatsopanoyo ikule kawiri ponseponse, m'litali ndi m'mimba, ndipo anailuka momwemo. Mphanda zoikhazikapo anadula zonenepa kawiri, koma zochuluka chimodzimodzi ndi zakale zija.

Apa m'pamene panamuvuta Modesta.

Ali Fomu 3, aphunzitsi anawaonetsa pafoni kanema wa madayinoso, zinyama zakalekale zimene mafupa a zina anafukulidwa ku Karonga. Anzake anangoseka makosi ake aatali, koma iye anagoma ndi kayendedwe kake. Zina zinkalemera kuposa njovu khumi. Miyendo yake sinali yotambalala m'mbali ngati ya buluzi. Inali yowongoka pansi pa thupi ngati mizati ya tchalitchi. Chinyama chotere chinkaponda mwaulemu, phazi ili kenako ilo, osathamanga, osadumpha, pakuti kudumpha kamodzi kokha fupa likanathyoka. Aphunzitsi anaunjika tizidutswa ta sopo patebulo. Kuti kachidutswa kamodzi kakule kawiri mbali zonse panafunika tisanu ndi titatu, koma tokhudza tebulo tinali tinayi basi. Chinthu chikamakula, kulemera kumathamanga, mphamvu ya mwendo n'kumatsalira m'mbuyo. N'chifukwa chake nyerere imayenda pa timiyendo tonga tsitsi pomwe njovu ili ndi miyendo ngati mitondo, ndipo pali ukulu wina umene mwendo uliwonse ungaulephere.

Mphanda za kankhokwe kakale zinkalira kale kakadzaza. Yatsopanoyi ikadzagwa m'dzinja, chakudya cha mabanja awiri chidzathera m'matope ndi chiswe.

Koma Modesta sankayankhula pamaso pa akuluakulu. N'chifukwa chake amalume ake anamupatsa dzina loti a Chete. Ananong'oneza mayi ake kukhitchini, koma iwo anati za sopozo sakuzimva, akanene yekha poti pakamwa ali napo. Kenako anamupatsa jagi ya thobwa kuti akapereke.

Anapeza a Jimu akuseka alamu awo kuti iyi si nkhokwe koma nyumba ya mkazi wachiwiri. A Benedict anayankha kuti mkazi wachiwiri angasaukire pomwepo, chifukwa mlamu mmodzi yemweyu akudya za anthu atatu. Modesta anagwada, nathira thobwa m'makapu. Anthuwo anamwa, nabweza makapu, koma iye sanadzuke.

"Kodi a Chete lero mwamera mizu?" anafunsa a Jimu.

A Benedict anali atanyamula kale mphanda yoyamba. Anaiimika m'dzenje, naigwedeza, nayamba kukankhira dothi ndi phazi. Modesta anadziwa kuti akangotsendera dothilo n'kuyala mitanda pamwamba, sipadzakhalanso pokumba. Anayang'ana pansi.

"Bambo," anatero, mawu ali otsika moti a Benedict anasiya kukankha dothi kuti amve. "Nkhokwe mwaluka bwino, ine sindinaonepo yotere. Koma miyendo yachepa. M'menemu mulowa chimanga cha tinkhokwe tisanu ndi titatu tonga kakale kaja, pomwe mphandazi zikhoza kunyamula cha tinayi tokha. Musatsendere kaye. Tikumbe maenje ena ochuluka ngati omwewa, makamaka pakatipa. Mitengo yake ndikakuthandizani kunyamula."