Mashelefu a M'sitolo ya Amagalasi

Mashelefu a m'sitolo ya mabuku ija anawakhoma ndi bambo wina, amisiri a matabwa, zaka makumi atatu zapitazo, ndiye tsiku lowagumula anaitanidwanso iwo omwewo. Anawaimbira foni ndi mwana wamkazi wa mwini sitoloyo.

"Bambo ndawatenga, akukhala kwathu tsopano. Miyendo yakana. Kiyi mukampeza kwa ometa tsitsi oyandikana nawo aja."

"Nanga mabuku, mayi?"

"Tagawira masukulu. Anthu masiku ano amangodina foni, buku n'kuwapeza pakhomo. Ndani angatuluke thukuta kukafuna buku m'tauni?"

Mwini sitoloyo anthu ankangowatcha Amagalasi. Amisiri sanagulepo buku ngakhale limodzi kwa iwo, pakuti sukulu anaisiyira panjira, ndipo chimene ankawerenga bwino ndi manambala a pa tepi yoyezera basi. Koma chimwalirireni akazi awo, Lachisanu lililonse masana ankatseka shedi yawo n'kukakhala pa mpando wa kuseri kwa kauntala. Amagalasi ankatola buku limene lagonera pashelefu, n'kumawawerengera mokweza. Ogula atayamba kusowa, panalibenso wowadula pakamwa.

"Achimwene, inu ndiye kasitomala wanga wokhulupirika," ankatero Amagalasi. "Vuto lanu mumagula ndi makutu."

Tsiku logumula lija amisiri anapeza m'sitolo muli mbee. Ngakhale kutsokomola kwawo kunkabwerera kuchokera kukhoma. Anayambira shelefu ya kumwamba. Misomali inali itagwira zolimba, moti anadzidandaula okha kuti anakhomeranji ngati zinthu sizidzatha. Anagwira tsiku lonse ali okha. Mayi wina anasuzumira pakhomo, n'kufunsa ngati pano ndi polandirira katundu wa pa intaneti. Atamva kuti ayi, anapita osatsazika.

Atazula thabwa lomaliza la pansi, anapeza kabuku katapanikizika kukhoma, chikuto chitadyedwa ndi mphemvu. Anakapukuta ndi malaya n'kukaika m'bokosi la zipangizo, pakati pa hamala ndi sowo.

Kanagona mmenemo milungu itatu. Kenako Lachisanu lina anavala jekete, n'kukwera basi ya maola awiri kupita kwa mwana wa Amagalasi.

Anapeza Amagalasi atakhala pakhonde, bulangete lili m'miyendo. M'nyumba mkamwini wawo ankaonera mpira pa wailesi ya kanema.

"Mwandigumulira ofesi yanga, eti?" anatero Amagalasi akuseka.

"Ndagumula. Koma munaiwala wantchito wanu mmodzi kuseri kwa shelefu."

Amagalasi analandira kabuku kaja ndi manja awiri. Anakanunkhiza kaye, n'kukatsegula. Anakafikitsa pafupi ndi mphuno, kenako anakatalikitsa. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "zilembo zandithawa. Ndikungoona nyerere zili ndondondo."

"Mwana wanu sangatiwerengere?"

"Ali kuntchito. Akabwera amakhala atatopa."

Amisiri anatenga kabukuko n'kuika chala pa mzere woyamba. Anatchula zilembo zinayi, chimodzichimodzi, ndipo chachisanu chinawakanika. Amagalasi anayesa kulota mawuwo, osawapeza. Anaseka onse awiri, koma kuseka kwake sikunapite patali.

Anakhala choncho mpaka mthunzi wa nyumba unafika kumpanda. M'nyumba muja mkamwini anakuwa kuti chigoli. Kunabwera tiyi, anamwa. Amisiri anafotokoza kuti matabwa aja anagula ndi woweta nkhuku, ndipo Amagalasi anangogwedeza mutu.

"Mudzabwerenso," anatero Amagalasi powatsazika.

"Ndidzabwera."

Kabuku kaja anakasiya pa bulangete. Basi yobwerera inadzaza, koma aliyense anali ataweramira foni yake. Amisiri anakhala cha kuwindo, manja ali pamaondo. Atafika kunyumba anapeza kuti m'mawa anaiwala kutsegulira mphaka wawo, ndipo mphakayo ankalira kukhitchini. Anamtsegulira, n'kumuthirira madzi m'mbale.