Safia wa Mufoni

"Chotsa mpango wakumasowo, ukomoka," anatero Keti uku akutembenuza usipa pa thandala loyanikapo nsomba. "Mpango kumutu, wina kumaso, dzuwa la ku Lungwena lino? Kapena waba mbuzi ya munthu?"

Mnzakeyo, Safia, anangokokera mpango uja mpaka pamphuno n'kupitiriza kuwaza nsomba. Pansi pa nsaluyo masaya ankamuwotcha ngati wapakapo tsabola.

Zonsezi zinayamba ndi foni. Zubair, mnyamata wa ku Namwera amene ankagwira ntchito ku Joni, anapeza nambala yake kwa msuweni, macheza n'kuyambika. Maso ndi maso anali asanaonanepo. Tsiku lina atapempha chithunzi, Safia anadzijambula n'kudina paja pamene foni imayeretsa munthu. Aa, panatuluka namwali woyera mbee, wosalala, woti ngakhale mayi ake omubereka akanamupatsa moni wa alendo. Zubair anagwa naye nthawi yomweyo. Posakhalitsa anayamba kukamba za ukwati, n'kunena kuti abale ake abwera kudzamuona.

Apa tulo tinamuthawa Safia. Iye anabadwa wakuda bii, ndipo kusukulu ankamutcha Makala, dzina limene linkamupwetekabe mpaka pano. Zubair anali mwamuna woyamba kumuuza kuti ndi wokongola, ndiye akanamutaya bwanji? Anagula mafuta oyeretsa khungu, aja obwera m'timabotolo topanda dzina kuchokera kumalire. Wogulitsayo anamulangiza kuti akamadzola azikhala m'nyumba. Koma usipa suuma m'nyumba. Ntchito ya Safia inali pa thandala, kuyambira pamene mabwato akocheza mpaka dzuwa kupendeka. Mafuta ndi dzuwa zinapangana. Masaya anapsa n'kusupuka, pamphumi panayera, khosi linatsala lakuda lomwe lija.

"Ndinakuuza ine," anapitiriza Keti. "Akuluakulu amati ukayipa dziwa nyimbo. Koma iwe sunali woyipa, unangopusa basi. Nyimbonso unali nayo kale. Ogula a ku Limbe akafika pano amayamba kufunsa usipa wa ndani?"

"Usipa sukwatira munthu, Keti."

"Nanga foni ikwatiwa m'malo mwako?"

Ali m'kati motsutsana choncho, kabaza anaima pansi pa mtengo wa mango. Panatsika mayi wamtali, wovala bwino, foni ili m'manja. Anafunsa kwa amayi ena oyanika nsomba, iwo n'kuloza thandala la Safia.

"Asalamu aleikumu, ana anga," anatero mayiyo atafika. "Ine ndine Abiti Sumani, mayi ake a Zubair. Ndati ndisanatume ankhoswe ndidzamuone ndekha mpongozi wanga ali pantchito. Mkazi saonekera pamkeka ayi. Safia ali kuti?"

Ankafunsa Safia yemweyo. Anamuonetsanso foni, kuti mwina amuzindikire. Namwali woyera uja ankamwetulira m'menemo, alibe nkhawa ngakhale pang'ono.

Keti anali ndi pakamwa, komanso anali ndi chisoni. Anafulumira kumutchinjiriza mnzake. "Watalikira pang'ono, mayi. Wapita ku boma, mwina abwera mawa."

Safia akanangokhala chete, mayiyo akanakwera kabaza n'kubwerera. Koma mawa bwanji? Nanga tsiku la ukwati? Anadziona akuphika atabisa nkhope, akugona atabisa nkhope, akuthawa chithunzi chake chomwe m'nyumba ya mwamuna wake. Anatopa. Kunena zoona, anali atatopa kuyambira kale, masiku a Makala aja.

Anamasula mpango wakumaso.

"Ndine Safia, mama."

"Yarabi!" Abiti Sumani anabwerera m'mbuyo. Anayang'ana foni, n'kuyang'ana masaya osupukawo, n'kuyang'ananso foni. Amayi a pa mathandala ena anasiya ntchito, makosi ali tolotolo.

"Mwana wanga akudikira uyu," anatero mayiyo, chala chili pa chithunzi.

"Inenso ndamusakasaka ameneyo, mama. Onani mmene wandichitira. Kulibe munthu ameneyo. Amene alipo ndine, ndipo zilondazi zikapola ndidzada kuposa apa."

Mayi uja anatola kausipa kamodzi, anakathyola, n'kukanunkhiza. Kanali kouma bwino, kopanda mchenga. Anapukusa mutu.

"Manja uli nawo, mwanawe. Koma wokwatira si ine. Ndikamuuza zimene ndaona."

"Musavutike, ndimuuza ndekha." Safia anatulutsa foni yake pachitenje n'kupatsa Keti. "Ndijambule. Usadine china chilichonse."

"Ndi usipa womwe?"

"Ndi usipa womwe."

Safia anatumiza chithunzicho Abiti Sumani asanafike n'komwe pa kabaza. Foni inasonyeza kuti Zubair wachiona. Anayamba kulemba, n'kusiya, n'kuyambanso. Kenako chithunzi cha Zubair chimene chinkakhala pamwamba pa macheza awo chinazimiririka. Safia anayesa kuimba, koma foni sinalowe. Anali atamutsekera.

Zinamupweteka, tisaname. Anakhala pansi kuseri kwa thandala n'kulira, misozi ikuluma m'zilonda. Keti anamusiya alire, iye akuwola usipa wouma n'kumathira m'dengu.

"Watha?" anafunsa patapita nthawi. "Mawa tipite kuchipatala akaone masayawo. Timabotolo tija ukataye m'chimbudzi, usapatse munthu."

"Adokotala akandiseka."

"Akaseke. Aona zambiri kuposa nkhanga imodzi yamawanga ngati iwe."

Safia anaseka mosafuna, mamina ali chuchuchu. Kamphepo kochokera kunyanja kanamukhudza m'masaya, ndipo anazindikira kuti chiyambire kubisala sanapumepo bwino chonchi. Anadzuka n'kudzikuntha mchenga.

Njira yopita kwa ogula inkadutsa pakati pa mathandala onse, ndipo amayi aja anali akuyang'anabe. Safia anatola mpango wakumaso uja, anaupinda nkhata n'kuika pamutu.

"Nditwike," anauza Keti.

Anasenza dengu n'kudutsa pakati pawo nkhope ili poyera, akupereka moni kwa aliyense.